Mphindi Zinayi Zopanda Mawu

1.

Dulani apa.

A Gwedeza anatero chala chili pa tsamba 41 la sewero la filimu yathu, ine n'kulemba mzere wofiira. Linali Lachiwiri m'mawa, chaka cha 1978, mu ofesi yomwe buku lililonse, nyimbo iliyonse ndi filimu iliyonse zinkayamba zadutsamo zisanafike kwa anthu. Pachitseko panali dzina lalitali, koma tonse tinkangoti kwa a Lumo. A Gwedeza ndiwo anali lumolo.

Apanso, mayi. Mpaka tsamba 47.

Ndinadula.

2.

Ine ndine Dorika Kamtengo. Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi atatu, ndikutaipa makalata pa kakampani ka mafilimu ka Che Ajasi mu Limbe, kuseri kwa sitolo ya njinga. Tinalipo anthu asanu, kamera imodzi. Mafilimu athu anali awa: kuthira feteleza, kubzala thonje m'mizere, kukumba chimbudzi chakuya, kuwiritsa madzi akumwa. Munthu amene ankadula ndi kulumikiza filimu atadwala maso, Che Ajasi anandikhazika pampando wake. Anati zala zozolowera taipi sizinjenjemera.

3.

Buku.

Mvula ya Chaka Chatha. Masamba 162, chikuto chobiriwira, pansi pake dzina: L. B. Kamtengo. Lenadi, mlongo wanga wamkulu, mphunzitsi wa pulayimale ku Ntcheu.

Nkhani yake ndi ya Nangozo, mkazi yemwe mwamuna wake anakwezedwa m'galimoto yopanda nambala dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse ukuona. Bukulo silitsata mwamunayo. Limatsalira ndi mkazi. Anthu amasiya kumupatsa moni. Pachitsime amamupatukira ngati wakhate. Kutchalitchi benchi lonse limakhala lake yekha.

Analisindikiza ansembe ena kutsidya kwa malire. Linalowa m'dziko muno m'matumba a nyemba. Linawerengedwa miyezi inayi, kenako linaletsedwa.

4.

Achimwene, inu tsiku limenelo munali pakhonde mukukonza tcheni cha njinga. Mu Ogasiti 1974, mphepo ikuulutsa fumbi pabwalo la sukulu. Ine ndinali nditabwera kudzacheza, ndinaima pakhomo ndi Sungeni kumsana, mwana wanu wa zaka ziwiri. Alamu anali kumsika. Amuna atatu anatsika m'galimoto, mmodzi atagwira bukulo ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

Walemba ichi ndani?

Ndine, munatero inu, mukupukuta girisi ndi kansanza.

Munapempha kuti mukavale nsapato. Anakana.

Sindinanene kanthu.

5.

Chemwali Dorika, tsekani chitsekocho, anatero Che Ajasi patapita zaka zinayi. Bukuli ine ndaliwerenga katatu, ndinalivalika chikuto cha buku la thirakitala. Zaka khumi ndi ziwiri ndili pa feteleza. Ndikadzafa azidzati Ajasi uja wa zimbudzi uja. Ndikufuna filimu imodzi yokha ya munthu, munthu wotunga madzi chifukwa ali ndi ludzu, osati chifukwa alangizi anena. Kwa a Lumo ndapitako kale. Akuti n'zotheka tikamvera. Mawu a achimwene anu amene akuwadziwa bwino ndinu, ndiye sewerolo mulembe inuyo. Mukakana sindikwiya.

Sindinakane.

6.

Kalata ya a Gwedeza, yomwe ndikusungabe:

Dzina la buku lisatchulidwe.
Dzina la wolemba lisaoneke paliponse.
Nkhani ichitike nthawi ya atsamunda.
Mwamuna asatengedwe. Apite yekha ku migodi ya ku Joni.
Galimoto ikhale ndi nambala.
Siketi zifike pansi pa maondo.
Mawu oti mantha asamveke kopitirira kamodzi.
Pamapeto mvula igwe, anthu asangalale.

Ndinataipa sewerolo milungu isanu ndi umodzi. Mwamuna wa Nangozo anakwera galimoto ya nambala, sutikesi m'manja, akubayibitsa. Zonse ndinamvera, kupatula chimodzi. Mawu amene Nangozo amalankhula pachitsime, tsiku limene amatopa n'kukhala chete, ndinawasiya momwe analili m'buku. Ndiwo anali tsamba 41 mpaka 47.

7.

Pali mkazi wina ku Ndirande amene amadzuka, kusesa kachipinda kake, kumwa tiyi ataimirira, kutsika phiri wapansi mpaka pa siteji, kukwera basi momwe anzake akale a kusukulu ya taipi amayang'ana pazenera akamuona chifukwa aliyense akudziwa kuti ndi mlongo wake wa uja, ndipo mwamuna amene ankafuna kumukwatira anamulembera kalata ya mizere itatu kuti akwawo akuti adikire kaye ndipo akudikirabe mpaka lero ndi mkazi wina ndi ana anayi, ndipo Loweruka loyamba la mwezi mkaziyu amanyamula sopo ndi shuga ndi mtedza wokazinga kupita kundende ya kuchigwa komwe mlonda wa pageti amalandira phukusi n'kunena kuti dzina limeneli kuno kulibe, koma phukusilo sabweza, ndiye mkaziyu amaganiza kuti ngati sabweza ndiye kuti alipo wodya, ndipo amabwerera pa basi ya masana atakhala pampando wa anthu awiri yekha

8.

Wosewera Nangozo tinamupeza pamsika ku Thyolo akugulitsa tomato. Nelesi. Wamtali, wa mpata kumano, kamera anali asanaionepo. Sankadziwa kuwerenga, choncho ndinkakhala naye pansi pa mtengo wa bulugamu, ine kuwerenga, iye kubwereza.

Tsiku lina ndinamuwerengera pamene Nangozo amachapa malaya a mwamuna wake mwezi ndi mwezi ngakhale palibe wowavala, n'kumawayanika m'nyumba kuti anthu asaone. Nelesi anandigwira mkono.

Achemwali, amene analemba izi ndi mwamuna?

Ndi achimwene anga.

Anadziwa bwanji?

Ndinatsegula tsamba lina.

9.

Tijambula basi, anatero Che Ajasi titafika pachitsime. Mzere wofiira uli papepala, suli pa kamera. Mwina a Gwedeza akadzaona nkhope ya mayiyu mtima wawo udzagwa pansi.

Filimu yosajambula inali itatsala yokwanira ulendo umodzi. Amayi khumi ndi awiri a m'mudzimo anaima ndi ndowa zawo monga tinawauzira. Nelesi anatula ndowa yake pansi, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi.

Munaona nonse. Inu a Nasibeko munali mukupeta, munaona. Inu a Naphiri mwana wanu ndinamubadwitsa ine, munaona. Sindikupempha kuti mukamubweze. Ndikupempha moni. Moni yekha. Mundifunse kuti ndadzuka bwanji, ine ndiyankha kuti ndadzuka bwino, sindiwonjezerapo kanthu, ndikulonjeza.

Anapitiriza choncho mphindi zinayi osaphonya liwu. Che Ajasi atati basi, palibe anasuntha. Mayi mmodzi wa ndowa, yemwe sitinamupatse mawu alionse, anati mwadzuka bwanji mayi. Nelesi anakhala pansi m'matope.

10.

A Gwedeza anali munthu wochepa thupi, wa zilonda za m'mimba, wosasiyana ndi botolo la mkaka. Anabwera ku Limbe kudzaonera filimuyo pakhoma la ofesi yathu, mazenera titatchinga ndi mabulangete. Ataona za pachitsime anakweza dzanja.

Izi ndinadula.

Bwana, anatero Che Ajasi, mukachotsa apa filimu ithyoka msana. Yojambulira ina tilibe.

A Gwedeza anamwa mkaka. Anatembenukira kwa ine.

Mayi, bukuli ndinaliwerenga lonse ndisanaliletse. Anzanga amawerenga masamba khumi okha. Ine ndinafika kumapeto, n'kuyambiranso. Mlongo wanu amalemba bwino. Koma ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo pamwamba panga pali wina, pamwamba pa iyeyo palinso wina.

Anatulutsa cholembera, n'kulemba mzere umodzi pansi pa kalata yake ija: Mawu a pachitsime asamveke.

Dulani apa, anatero, koma mosakweza.

11.

Filimu ya nthawi imeneyo inali ndi mizere iwiri, wa zithunzi ndi wa mawu. Ndinakhala ndekha m'kachipinda kodulira kuyambira m'mawa mpaka anzanga atapita kukadya. Ndinawerenganso mzere wa a Gwedeza. Kenako ndinatenga lumo, n'kudula wa mawu wokha.

Zimene zinagwera m'dengu la pansi pa tebulo mwezi umenewo:
galu wouwa galimoto
mwana wofunsa kuti ababa abwera liti
mantha, kasanu ndi kawiri
dzanja la Nangozo likugogoda pachitseko cha ofesi
bondo limodzi
moni

Zithunzi ndinazisiya. Nelesi akutula ndowa, akutsegula pakamwa, akuloza, misempha ya pakhosi itatuluka. Phokoso ayi. Ngakhale mphepo.

12.

A Gwedeza anabweranso Lachisanu. Anaonera mphindi zinayizo manja ali pamimba. Nyale itayaka anatulutsa kalata yawo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

Ndinalemba kuti mawu asamveke.

Inde, bwana.

Sakumveka.

Anadinda chidindo. Potuluka anaiwala botolo lawo la mkaka pampando, ndipo sanatume munthu kudzalitenga. Chaka chisanathe tinamva kuti awapumitsa ntchito, abwerera kwawo ku Dowa. Chifukwa chake sitinauzidwe.

13.

Filimuyo tinaitcha Nangozo. Inayamba kuonetsedwa Loweruka masana mu holo ya mu Blantyre, anthu atadzaza mpaka m'makwerero. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Mwamuna atakwera galimoto ya nambala akubayibitsa, wina kutsogolo anaseka, kuseka kwake kouma. Palibe ananyengeka.

Kenako pachitsime. Nelesi anatsegula pakamwa.

Mawu, anakuwa anyamata ena. Makina afa. Mawu.

Anaimba likhweru, ena kumenya mipando. Mphindi yoyamba inatha choncho. Yachiwiri phokoso linayamba kuzilala. Yachitatu m'holo monse munali zii, moti ndinkamva makina akuzungulira kumwamba. Mayi amene anakhala patsogolo panga, wa duku lachikasu, anayamba kuyendetsa milomo. Sanali kunena za m'buku. Ankatchula dzina la munthu, Edisoni, Edisoni, n'kumafotokoza zake.

Potuluka anthu sanayang'anane. Mawa lake mzere wa matikiti unafika pamsewu.

14.

Achimwene, anakutulutsani mu 1981 popanda kunena chifukwa, monga momwe anakutengerani. Munafika ku Ndirande mutavala kabudula wa munthu wina. Mano akutsogolo munalibe. Maso ankaona zinthu ngati zili m'madzi. Sopo ndi mtedza munati simunalandirepo ngakhale kamodzi.

Munati mukufuna kuonera filimuyo. Ndinakutengani pa ya masana, ndinakugwirani dzanja pamakwerero. Ndinkakunong'onezani zimene zinali pachinsalu. Pano akuchapa. Pano akuyenda yekha. Titafika pachitsime ndinasiya.

Inu ndiye munayamba. Pansipansi, liwu ndi liwu, kutsatira milomo ya Nelesi imene simunkaiona. Munaona nonse. Inu a Nasibeko munali mukupeta. Mpaka kumapeto, osaphonya.

Pa basi ndinakufunsani kuti munawasunga bwanji zaka zonsezi.

Ondifunsa mafunso kundende ankandiwerengera, Dori. Chaka choyamba chonse. Amawerenga chiganizo, n'kufunsa kuti apa umatanthauza chiyani, Nasibeko ndi ndani, amakhala kuti. Ndiye ndinayenera kuwadziwa bwino.

Munayang'ana pazenera.

Zatha izi. Usazitokose.

Munamwalira mu 1983, nthawi yokolola, chifuwa.

15.

Zinthu zitasintha m'dziko muno filimuyo inakhala ya aliyense. Inapita kunja, inabwerako ndi mbiri. Dzina la L. B. Kamtengo linabwezeretsedwa koyambirira, zilembo zazikulu. Che Ajasi anamwalira akutchedwa Ajasi wa Nangozo, monga ankafunira. Nelesi anabwerera ku tomato wake, anakana kuseweranso.

Ana a ku yunivesite amabwera kwanga ndi timakina tojambulira mawu. Zimene ndamva za mphindi zinayi zija:
kuti ndi luso la Che Ajasi
kuti ndi kulira kwa dziko lonse
kuti makina anawonongeka basi
kuti anatengera mafilimu akale a azungu
kuti Lenadi Kamtengo analamula yekha ali m'ndende

Ine ndimawapatsa tiyi. Ndimati ndinali wodula chabe.

Agogo, anatero mtsikana wina, simunamve chisoni kudula mawu a achimwene anu?

Ndinati tiyi wanu akuzizira.

16.

Sungeni anabwera mwezi wa Okutobala chaka chatha. Tsopano ndi mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mphunzitsi wamkulu ku Ntcheu, ndipo ndi iye amene amayankha makalata onse okhudza bambo ake. Anatulutsa m'chikwama mulu wa mapepala. Bukulo likusindikizidwanso, koyamba m'dziko muno.

Azakhali, ndikufuna mulembe mawu oyamba. Momwe ababa ankalembera. Patebulo liti, nthawi yanji. Amayi anamwalira akunena kuti sanawaonepo akulemba, ndiye mwina inu.

Ndinayang'ana mapepalawo. Zilembo zatsopano, zoyera bwino.

Mayi ako ankanena zoona, ndinatero. Bambo ako sanalembe.

Ndinamuuza zonse, mosathamanga. Kuti ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndikukhala chipinda choyandikana ndi mayi wina ku Ndirande yemwe mwamuna wake anatengedwa, ndipo inenso ndinasiya kumupatsa moni ngati ena onse. Kuti manyazi a zimene ndinachitazo ndiwo anandilembetsa, m'makope atatu a sukulu, ndikaweruka kuntchito. Kuti wansembe wa kutsidya anati buku la mtsikana wosakwatiwa iwo sangasindikize, anthu sangalilemekeze. Kuti Lenadi anaseka n'kunena kuti ika dzina langa, Dori, ine ndine mphunzitsi, ukatchuka udzandigulire matayala a njinga. Kuti iye analiwerenga kamodzi kokha, mothamanga, n'kunena kuti n'labwino koma n'lachisoni kwambiri.

Sungeni sanakhudze tiyi wake.

Zaka zisanu ndi ziwiri m'ndende, anatero.

Eya.

Ine ndakula ndikuuza anthu kuti bambo anga analemba buku. Nsapato ndinalibe, koma ndinali ndi zimenezo.

Eya.

Akanati si ine, akanawasiya?

Sindikudziwa. Akanatenga ine.

Anasonkhanitsa mapepala ake, n'kuwagunditsa pabondo kuti alingane. Manja ake ndi a Lenadi, zala zazifupi.

Bukuli likupita ku makina Lolemba. Dzina lisinthe?

Ayi. Dzinalo analigwirira ntchito.

Nanga mwandiuziranji?

Ndinati ndakalamba, mwanawe, ndipo amene ankadziwa anali mmodzi yekha.

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Anakwera minibasi yoyamba imene inaima, ngakhale sinali ya kudepoti. Kuyambira tsikulo sanaimbe foni.

Buku linatuluka mu Disembala, lopanda mawu oyamba. Langa linabwera pa positi, mu envulopu munalibe kalata. Ndikuliwerenga pang'onopang'ono pakhonde, masamba awiri patsiku, maso akalola. Pa tsamba 88 pali chiganizo chimodzi chomwe ndikanatha kuchilemba bwino.